Mmene mungasankhire masewero a mpira wa m'makoleji a ku America musanabetche

Anthu ambiri amene amayesa kubetcha pa mpira wa m'makoleji a ku America (American football, wothamanga ndi mpira m'manja uja, osati wa miyendo) amagwera m'dzenje limodzi. Amatsegula tsamba la kampani yobetchera Loweruka, akaona dzina lalikulu monga Alabama kapena Ohio State, basi ndalama zaikidwa. Timuyo imapambanadi, mwina 38 kwa 21, koma tikiti yafa, chifukwa kampani imafuna kuti ipambane ndi mapointsi opitirira 24. Aliyense amadziwa kuti Ohio State ndi yamphamvu, ndipo kampani imadziwa zimenezo kuposa inu. Ntchito yanu si kulosera wopambana ayi. Ntchito yanu ndi kupeza masewero ochepa amene nambala ya kampani yasemphana ndi nambala imene mwaiwerengera nokha.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Kope kapena spreadsheet yolembamo manambala anu sabata iliyonse. Popanda chimenechi zotsalazi zilibe ntchito.

Ma rating awiri kapena atatu oyeza mphamvu za matimu: SP+ ya Bill Connelly wa ku ESPN, FPI ya ESPN yomweyo, ndi ya Jeff Sagarin. Onsewa amapereka nambala ya timu iliyonse imene mungachotsere pa ya inzake n'kupeza kusiyana kwa mapointsi.

Malo oonera ziwerengero za masewero apitawo: ESPN, Sports Reference, kapena CollegeFootballData ngati mukufuna zozama.

Mayina a atolankhani amene amalondola timu imodzi tsiku ndi tsiku. Yunivesite iliyonse yaikulu ili nawo, m'nyuzipepala za m'tauni yake ndi pa X.

Tsamba la zanyengo loonetsa liwiro la mphepo ola ndi ola.

Akaunti ku makampani awiri kapena atatu ololedwa ndi lamulo komwe mukukhala. Onani kaye ngati ali ndi gawo lolembedwa NCAAF kapena College Football, poti si onse amene amaika masewerowa. Amene muli ku America, malamulo amasiyana boma ndi boma: ambiri amafuna zaka 21, ndipo ena, monga New Jersey, salola kubetcha pa matimu a makoleji a m'boma lomwelo.

Ndalama zopatuliratu, zoti zitatha zonse pakhomo sipasintha kanthu.

1. Dziwani chimene mukugula

Mapointsi amabwera motere: touchdown, kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ku mbali ya adani, ndi 6, kumenya mpira pakati pa mitengo ya golo pambuyo pake kumawonjezera 1, field goal, kuumenya pakati pa mitengoyo popanda touchdown, ndi 3. N'chifukwa chake masewero ambiri amatha kusiyana kwa matimu kuli mapointsi 3 kapena 7. Sungani manambala awiriwa, tidzawafuna kutsogolo.

Kubetcha kwenikweni kuli mitundu itatu. Spread ndi handicap yomweyo imene mumaidziwa pa mpira wa miyendo: timu yolembedwa -10.5 iyenera kupambana ndi mapointsi 11 kapena kuposa, pamene ya +10.5 ikhoza kugonja ndi mapointsi 10 inu n'kudyabe. Total ndi mapointsi a matimu onse awiri akaphatikizidwa, inu n'kusankha over kapena under. Moneyline ndi kusankha wopambana chabe.

Pa spread ndi total, ma odds nthawi zambiri amakhala -110 m'kalembedwe ka ku America, omwe ndi 1.91 m'kalembedwe kathu. Chitani masamu awa kamodzi kuti akhazikike m'mutu. Mukabetcha K1,000 ka 100 n'kupambana ka 52, phindu lanu ndi K47,320, zotayika ndi K48,000. Mwapambana kangapo kuposa kugonja koma mwaluza K680. Kuti mungobwerera pomwe munayambira muyenera kupambana 52.4 peresenti. Mukafika ka 55, phindu lonse ndi K5,050 chabe, ndipo munthu wofika pamenepo chaka ndi chaka ndi katswiri.

Chenjezo: mapointsi a nthawi yowonjezera amawerengedwa pa spread ndi total m'makampani ambiri. Ku koleji timu iliyonse imayambira mayadi 25 kuchokera kumene imamwetsera, choncho under imene inali bwinobwino ikhoza kufa m'mphindi zochepa. Werengani malamulo a kampani yanu.

2. Chepetsani matimu owatsata

Gawo lapamwamba, lotchedwa FBS, lili ndi matimu opitirira 130, ndipo Loweruka limodzi pamakhala masewero 50 kapena kuposa. Palibe munthu wogwira ntchito zina amene angawadziwe onse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani conference imodzi, ndiko kuti ligi imodzi mwa maligi a m'gawoli, zikachuluka ziwiri, muzidziwe mpaka mayina a osewera a pa benchi.

Zazikulu ndi zinayi: SEC, Big Ten, Big 12 ndi ACC. Nkhani zake n'zosavuta kupeza, koma ndalama za dziko lonse zimapita kumeneko, motero manambala ake amakhala osalala, osasiya mpata wambiri. Zing'onozing'ono ndi American, Mountain West, Sun Belt, MAC ndi Conference USA. Ineyo ndingalangize woyamba kumene kuti atenge imodzi mwa zing'onozi. Masewero a Toledo ndi Bowling Green satsatidwa ndi anthu ochuluka ngati a Georgia ndi Texas, ndipo munthu wowerenga nyuzipepala za m'matauni amenewo akhoza kudziwa chinthu msika, ndiko kuti makampani ndi obetcha ena, usanachimve. Komanso mu Novembala MAC imasewera Lachiwiri ndi Lachitatu usiku, pomwe palibe masewero ena osokoneza maganizo.

Chenjezo: onani mndandanda wa chaka chino, osati umene muli nawo m'mutu. Mu 2024 Texas ndi Oklahoma zinalowa SEC, ndipo USC, UCLA, Oregon ndi Washington zinalowa Big Ten. Matimu akusamukabe.

3. Lembani nambala yanu musanaone ya kampani

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Munthu ukangoona -10.5 patsamba, nambalayo imakakamira m'mutu, zonse zimene uwerenge pambuyo pake zimangokhala zoikometsera. Choncho Lamlungu kapena Lolemba, tsamba la kampani lili chitsekere, chitani izi.

Tengani rating ya matimu awiriwo, muchotsere yaing'ono pa yaikulu. Kenako patsani eni bwalo mapointsi apakati pa 2 ndi 3. Tiyerekeze: alendo ali ndi 18.5, eni bwalo ali ndi 9.0. Kusiyana ndi 9.5. Mukachotsapo 2.5 ya bwalo, nambala yanu ndi alendo -7. Bwerezani ndi rating yachiwiri ndi yachitatu. Zikagwirizana, bwino. Zikasiyana kwambiri, mwina ina ikuti -4 ina -12, ndiye kuti pali china chosadziwika bwino pa imodzi mwa matimuwo, ndipo kawirikawiri masewero oterowo ndi ongowasiya.

Tsopano tsegulani tsamba la kampani. Ngati alemba alendo -7.5, palibe chanu pamenepo, pitani kwina. Ngati alemba -10.5, pali kusiyana kwa 3.5, ndipo masewerowa alowe m'mndandanda wofufuza. Sindikuti mubetche. Kusiyana kwakukulu nthawi zambiri kumatanthauza kuti kampani ikudziwa chinthu chimene rating sinachione, monga kuvulala kwa quarterback, wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera timu. Masitepe otsatirawa ndi ofufuza ngati wolakwa ndi kampani kapena ndinu.

Chenjezo: musatenge AP Top 25 ngati rating. Umenewo ndi mndandanda wovoteredwa ndi atolankhani, ndipo umatsatira kwambiri amene wapambana sabata yatha. Timu ya nambala 15 ikhoza kukhala yofooka kuposa ina yosalembedwamo n'komwe. Mukaona timu yosalembedwa mu Top 25 itapatsidwa handicap ya minus pokumana ndi yolembedwa, si kuti kampani yasokonezeka.

4. Fukulani zotsatira za masewero apitawo

Zotsatira zomaliza zimanama kawirikawiri. Tsegulani ziwerengero za masewero atatu kapena anayi apitawo a timu iliyonse, muone izi.

Mayadi pa play iliyonse, ndiko kuti pa mpata uliwonse umene timu yayesa kuyendetsa mpira. Timu imene ikuyenda mayadi 6.5 pa play n'kumalola adani 5.0 ndi yabwino, ngakhale itagonja kamodzi kapena kawiri. Nambala imeneyi ndi yodalirika kuposa mayadi onse a masewero, poti timu yosewera mothamanga imaunjika mayadi ambiri popanda kukhala yabwino.

Kutaya mpira. Mpira ukapulumuka m'manja n'kugwa pansi, amene autole ndi mwayi chabe, theka uku theka uko. Timu imene yapambana masewero atatu chifukwa adani anaipatsa mpira kanayi kanayi ikuoneka yamphamvu kuposa mmene ilili, ndipo mwayi wotero sukhalitsa. Imene yagonja chifukwa chotaya mpira pafupi ndi pomwetsera, pamene mayadi inali patsogolo, ndiyo imagulitsidwa motchipa sabata yotsatira.

Mapointsi a kumapeto. Masewero akafika 42 kwa 7, makochi amatulutsa osewera odalirika. Ma touchdown awiri a kumapetoko angachititse zotsatira kuoneka ngati panali mpikisano pomwe panalibe. Onani mmene zinalili gawo lachitatu mwa magawo anayi a masewero likutha.

Anasewera ndi yani. Mu Seputembala matimu akulu amalipira timu zazing'ono za gawo la FCS kuti zibwere kudzamenyedwa. Kupambana 63 kwa 3 m'masewero otero sikukuuzani kanthu, ndipo kumatupitsa ziwerengero za chaka chonse. Achotseni powerengera.

Ngati tsamba lanu lili ndi success rate, igwiritseni ntchito. Timu imapatsidwa mipata inayi, yotchedwa ma down, kuti iyende mayadi 10, ndipo success rate imayeza ngati ikuyenda mokwanira pa play iliyonse: theka la mayadi ofunika pa down yoyamba, 70 peresenti pa yachiwiri, onse pa yachitatu ndi yachinayi. Imasiyanitsa timu yoyenda mokhazikika ndi imene imadalira play imodzi yaitali.

5. Fufuzani amene asewere

Palibe wosewera wosuntha nambala ngati quarterback. Kusiyana pakati pa woyamba ndi womulowa m'malo kukhoza kufika touchdown yathunthu. Pambuyo pake onani osewera asanu akutsogolo amene amamuteteza. Mayina awo satchuka, koma awiri akavulala nthawi imodzi timu yonse imatsimphina.

Vuto ndi lakuti ku koleji nkhani za ovulala zimabisidwa kuposa ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri. Big Ten inayamba kutulutsa mndandanda wa amene asewere mu 2023, maola awiri masewero asanayambe. SEC inayamba mu 2024, kuyambira Lachitatu pa masewero a Loweruka. Kumene kulibe mndandanda wotere mudzadalira atolankhani aja: ndani sanaoneke pokonzekera, ndani waonedwa akuyenda ndi ndodo, kochi wayankha bwanji atafunsidwa. Kochi akati wosewera ali bwino ndipo aona tsiku lomwelo, musakhulupirire mpaka mtolankhani amene ali pabwalo anene kuti mnyamatayo wavala yunifomu ndipo akutenthetsa thupi.

Kumayambiriro kwa chaka kuli vuto lina. Kuyambira 2021 osewera amasamuka koleji n'kusewera nthawi yomweyo kudzera mu transfer portal, ndipo amaloledwa kulandira ndalama pa dzina lawo. Timu ikhoza kusintha osewera ochuluka m'miyezi yochepa. Zimene inachita chaka chatha mwina zinachitidwa ndi anthu amene lero akuvala mitundu ina. M'masabata atatu oyamba, onani kuti mwa oyamba aja atsala angati, komanso ngati kochi wamkulu ndi omuthandiza akadali omwewo. Ngati zambiri zasintha, dikirani muione ikusewera.

Masewero a bowl, apadera aja oseweredwa mu Disembala ndi Januwale ligi itatha, ndi nkhani ina. Osewera ena amene akuyembekezera kutengedwa ku NFL amakana kusewera poopa kuvulala, chizolowezi chimene chinatchuka mu 2016 pamene Christian McCaffrey wa Stanford ndi Leonard Fournette wa LSU anatero. Chitsanzo chowawa ndi Florida State ya 2023: inapambana masewero 13 osagonja, quarterback wake Jordan Travis anavulala mu Novembala, inasiyidwa kunja kwa playoff, mpikisano wopezera katswiri wa dziko lonse, osewera ambiri anakana kupita ku Orange Bowl, ndipo Georgia inaikwapula 63 kwa 3. Amene anangoona 13 kwa 0 uja anabetcha pa timu yoti kulibenso.

6. Bwalo, ulendo, nyengo ndi ndandanda

Mapointsi 2.5 a eni bwalo ndi apakatikati chabe. Bwalo la LSU usiku kapena la Penn State anthu onse atavala zoyera, phokoso lake limasokoneza alendo mpaka kulephera kumvana. Bwalo la timu yaing'ono Lachiwiri kukuzizira, anthu ali apo ndi apo, silipereka mphamvu yofanana. Wyoming imasewera ku Laramie, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200, ndipo alendo ochokera kunsi amatopa msanga. Ulendo wa ku Hawaii ndi wautali, chimodzimodzi timu ya ku California kapena Oregon yopita kum'mawa kukasewera masana, pamene kwawo ikadali 9 koloko m'mawa.

Pa nyengo, mphepo ndiyo yofunika kuposa mvula. Ikapitirira makilomita 25 pa ola, kuponya mpira patali ndi kumenya field goal kumavuta, mapointsi amachepa. Mvula yowaza yopanda mphepo siisintha zambiri, ngakhale anthu amathamangira under akangoimva.

Onaninso masewero a sabata yatha ndi ya mawa. Awa ndi anyamata a zaka 18 mpaka 23, mitima yawo imakwera ndi kutsika. Mu 2024 Alabama inagonjetsa Georgia 41 kwa 34, sabata yotsatira n'kukagonja kwa Vanderbilt 40 kwa 35. Chaka chomwecho Notre Dame inapambana ku Texas A&M, kenako n'kugonja pakwawo kwa Northern Illinois, imene panthawiyo inali ku MAC, 16 kwa 14.

Chenjezo: nkhani ngati zimenezi zimakoma kukamba, ndipo munthu ukazifuna umazipeza pa masewero alionse. Zisakhale chifukwa chokhacho chobetchera. Ziwonjezere pointi imodzi kapena ziwiri pa nambala yanu, osapitirira.

7. Pa total, werengani liwiro

Mapointsi amadalira kuti timu iliyonse igwira mpira kangati. Timu yosewera mothamanga imachulukitsa mipata yake ndi ya adani omwe. Matimu a asilikali, Army, Navy ndi Air Force, amakonda kuthamanga ndi mpira m'manja osauponya, wotchi n'kumayenda, masewero n'kufupika. Masewero a Army ndi Navy anathera under zaka 16 zotsatizana, kuyambira 2006 mpaka 2021. Koma taonani mapeto ake: kampani inkatsitsa nambala chaka ndi chaka mpaka mu 2022 nthawi yowonjezera inapititsa mapointsi pamwamba. Chinthu chimene aliyense akuchidziwa chimakhala chalowa kale mu nambala.

Kuyambira 2023 wotchi siimanso timu ikapeza first down, ndiko kuti ikakwanitsa mayadi ofunika n'kupatsidwa ma down atsopano, kupatula mphindi ziwiri zomaliza za theka lililonse. Musayerekeze ma total a lero ndi a zaka za m'mbuyo mosasamala. Ndipo liwiro limakhudzanso spread: timu yochedwa ikapatsidwa +24, adani amakhala ndi mipata yochepa yofikitsira kusiyana kumeneko.

8. Sakani nambala yabwino, pa nthawi yake

Mukamaliza kufufuza, sinthani nambala yanu. Kusiyana kuja kukatsalabe, makamaka ngati kukudutsa pa 3 kapena 7, mwapeza masewero. Mwa onse a sabata, otsala akhoza kukhala awiri kapena atatu. Sabata zina sipatsala n'amodzi omwe, ndipo limenelo si vuto.

Yerekezani makampani. Wina akapereka +6.5 wina +7.5, kusiyanako kukuoneka kochepa koma kwadutsa pa 7, ndipo timu yanu ikagonja ndi touchdown imodzi, tikiti ina yafa ina yadya. Manambala amatuluka Lamlungu n'kumasuntha sabata yonse. Anthu wamba amakonda matimu otchuka ndi over, ndipo amabetcha Loweruka. Choncho ngati mukufuna timu yotchuka, kawirikawiri ndi bwino kufulumira, pamene wofuna yonyozekayo akhoza kudikira. Koma ngati nkhani ya quarterback sinadziwike, dikirani mulimonsemo.

Amene muli ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, masewero a 12 koloko masana ku New York amayamba 6 koloko madzulo kwanu, a 3:30 amayamba 9:30 usiku, a 7:30 amayamba 1:30 m'bandakucha wa Lamlungu. Kuyambira Lamlungu loyamba la Novembala wonjezerani ola limodzi. Izi n'zofunika posankha conference: masewero ambiri a Mountain West amaseweredwa inu muli m'tulo, nkhani za ovulala n'kutuluka musakuziona.

9. Ikani ndalama zofanana, lembani zonse

Bet iliyonse ikhale 1 kapena 2 peresenti ya ndalama munapatula zija. Pa K50,000 ndiye K500 kapena K1,000, kaya mtima ukuti masewerowa ndi otsimikizika. M'kope lembani tsiku, matimu, nambala yanu, nambala imene munagula, ma odds, chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, ndi nambala yomaliza ya kampani masewero akuyamba.

Nambala yomalizayo ndiyo mphunzitsi wanu. Mukagula +10.5 msika n'kutsekera pa +8, munaona bwino ngakhale tikiti itafa. Mukamagula +8 msika n'kumatsekera pa +10.5, kupambana kwanu ndi mwayi. Timu imasewera masewero 12 kapena kuposa pang'ono pachaka, choncho zotsatira za mwezi umodzi sizingakuuzeni ngati njira yanu ili bwino, pamene kusuntha kwa nambala kumaonetsa msanga.

Zolakwa zofala

Multibet. Masewero asanu a 1.91 amapereka ma odds pafupifupi 25.4, pamene mwayi weniweni wopambana onse asanu, ngati alionse ali theka ndi theka, ndi kamodzi pa 32. Gawo la kampani limakula ndi timu iliyonse imene mwawonjezera. Kuunjika matimu akulu a 1.05 sikuthandizanso. Appalachian State inagonjetsa Michigan 34 kwa 32 pabwalo la Michigan mu 2007, ndipo chaka chilichonse pamapezeka timu imodzi yodula matikiti a anthu motero.

Kutengeka ndi sabata imodzi. Notre Dame ija inagonja kwa Northern Illinois inapambana masewero ake onse otsatira mpaka kufika mu fainolo ya playoff, komwe inagonja kwa Ohio State 34 kwa 23. Amene anaitaya mu Seputembala anaphonya chaka chonse.

Kudalira timu yaikulu pa handicap yaikulu. Kochi akatsogola ndi mapointsi 28 alibe chifukwa choika osewera ake pangozi. Amalowetsa ana a chaka choyamba, adani n'kumwetsa touchdown yopanda ntchito mphindi yomaliza, -31.5 yanu n'kufa.

Kukhulupirira mbiri yakale, monga yakuti timu iyi sinagonje kwa iyo pabwalo ili kwa zaka 10. Wosewera wa ku koleji amakhalapo zaka zinayi kapena zisanu, masiku ano mwina chimodzi. Amene anapambana masewero aja anachoka kalekale.

Kugula maulosi kwa anthu a pa WhatsApp ndi Telegram. Amaonetsa matikiti odya okhaokha. Mufunseni munthuyo mndandanda wa ma bet ake onse a chaka, pamodzi ndi nambala imene anagula ndi nthawi yake, muone ngati ayankhe.

Kubweza zotayika pa masewero a usiku. Loweruka la mpira wa m'makoleji ndi lalitali, ndipo munthu akaluza pa masewero oyamba amapeza ena akumudikirira, mpaka a Hawaii amene amayamba kuno kutacha Lamlungu. Masewero amenewo sanali m'kope lanu, simunawawerengere nambala, ndipo mukuwasankha muli ndi tulo ndi mkwiyo. Ikani ma bet anu onse masewero oyamba asanayambe, kupatula amene mukudikira nkhani ya wovulala. Mukaona kuti mwayamba kutapa ndalama za lendi kapena za fizi, kapena kubwereka kuti mubetche, lekani, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo pemphani kampani itseke akaunti yanu kwa nthawi.